Kusanja Manotsi: Mitundu, Magulu ndi Mlamu

Mapulogalamu osungira manotsi monga Anytype ndi Capacities amayendera mfundo imodzi: chilichonse chimene munthu walemba ndi chinthu, ndipo chinthu chilichonse chili ndi mtundu wake. Pali mtundu wa buku, wa munthu, wa msonkhano. Mtundu uliwonse uli ndi mipata yodzaza. Wa buku umafuna dzina la mlembi ndi chaka, wa munthu umafuna nambala ya foni. Mwini manotsi amaloledwanso kupanga mitundu yake, ndipo mavuto amayambira pamenepa.

Chitsanzo chapafupi ndi wolemba danga lino, yemwe kale ankalemba zofunika zonse kuseri kwa malisiti. Iye anapanga mtundu wotchedwa Ngongole, wokhala ndi mipata itatu: mwini ndalama, kuchuluka kwake, ndi chifukwa chimene chinaperekedwa mwezi watha. Vuto ndi lakuti chinthu chimodzi chimakhala ndi mtundu umodzi basi. Nanga mlamu wake, yemwe anamukongoza ndalama, alowe pati, pa Munthu kapena pa Ngongole? Funsoli linamudyera Loweruka lathunthu, tsiku lomwelo limene analonjeza kukabweza ndalamazo.

Pambuyo pa mitundu pamabwera magulu. Mu Anytype muli njira ziwiri. Gulu lina limadzaza lokha: munthu akalamula kuti zinthu zonse za mtundu wakuti zisonkhane, pulogalamu imazitolera, ndipo chatsopano chikalembedwa chimakalowa chosaitanidwa. Gulu linalo amaikamo ndi manja, chimodzichimodzi, posayang'ana mtundu. Kwa mkulu tikunenayu, gulu lodzaza lokha ndi la ngongole. Loika ndi manja limatchedwa Mapulani a Bizinesi, ndipo muli nkhuku zoti zidzawetedwe, khola loti lidzamangidwe, ndi chithunzi cha minibasi ya eni ake.

Chachitatu ndi kulumikiza. Mu Obsidian, pulogalamu imene inatuluka mu 2020, dzina la tsamba lina likalembedwa mkati mwa mabulaketi awiriawiri, masamba awiriwo amagwirana, ndipo tsamba lotchulidwalo limasonyeza ena onse amene alitchula. Pulogalamuyi imajambulanso manotsi onse ngati ukonde wa kangaude, tsamba lotchulidwa kwambiri nkuoneka dontho lalikulu kuposa ena. Mkulu uja ankayembekeza kuti dontho lalikulu likhala Nzeru. Linakhala mlamu.

Luso lolumikiza manotsi si latsopano. Niklas Luhmann, katswiri wa chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya Bielefeld ku Germany, yemwe anamwalira mu 1998, anasiya timakhadi pafupifupi 90,000, tokhala ndi manambala ndipo tolozerana. Kuchokera m'mabokosi osungiramo timakhadito analemba mabuku oposa 50. Otsatira ake a masiku ano amatchula dzina lake kawirikawiri, koma ambiri amathera pa kusankha mtundu wa zilembo. Wolemba danga lino ali ndi tsamba lofotokoza kasanjidwe ka manotsi, lolumikizidwa ku tsamba lofotokoza kasanjidwe ka tsamba loyambalo.

Chotsiriza ndi kasungidwe. Obsidian imasunga manotsi ngati mafayilo wamba m'foni kapena m'kompyuta momwemo, choncho amatsegulika ngakhale bandulo itatha. Amasiya kutsegulika pokhapokha foniyo ikatsala chikole kwa wakatapira, monga zilili sabata ino.