Ndalipira ndalama kuti ndione nyani

Johannesburg

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana konko ku Zóbuè. Amayi muwauze kuti mtima ukhale pansi, mkango sunandidye, ngakhale ndinachita kuulondola kwawo.

Abwana athu a pagalaja anatitenga antchito tonse kukaona nyama ku Kruger, nkhalango yomwe boma la kuno linaipatsa dzinali mu 1926. Kutalika kwake kumaposa makilomita 300, ndipo kum'mawa kwake ndi Mozambique wathu yemweyu. Pachipata amalipiritsa motengera kwanu: eni dziko mtengo wotsika, ife a SADC wapakati, a kutsidya kwa nyanja wokwera. Pasipoti yanga tsiku limenelo inandichitira ulemu.

Malamulo ake ngoopsa. Osatsika m'galimoto, osapitirira liwiro la 50 patala, ndipo dzuwa likamalowa amatseka zipata. Tinasaka mkango m'mawa wonse. Titaupeza unali gone pansi pa mtengo, ukuoneka mchira wokha, koma magalimoto ali ndandanda ngati mathiraki pa boda ya Zóbuè. Mchirawo utagwedera, anthu onse makamera m'mwamba. Mkango wake osatukula n'komwe mutu.

Chondithetsa nzeru chinali nyani. Achimwene, nyani yemweyu amene timadzukira mbandakucha kukamuthamangitsa m'munda wa kuphiri, kuno ali ndi ulemerero. Anakhala pakati pa msewu akutolana nsabwe, magalimoto onse chiriri kudikira kuti bwana amalize. Mayi wina wachizungu anatsala pang'ono kulira, ati ndi okongola. Ine dzanja limangoyabwa kufuna legeni.

Wotitsogolera anatiuza kuti mu 2002 Mozambique, South Africa ndi Zimbabwe anagwirizana zolumikiza nkhalango zawo, moti njovu za kuno zimatha kuwolokera ku nkhalango ya Limpopo kwathu. Zilibe pasipoti, sizidinditsa, palibe wozifunsa tsiku lobwerera. Ine amene ndinafola paboda mpaka miyendo kutupa ndinaziyang'ana ndi nsanje.

Wotitsogolerayo anatamanso milambe ya kumpoto kwa nkhalangoyo, ati alendo amayenda tsiku lathunthu kuti akaijambule. Ndinangoti kukamwa pululu. Kuchoka ku Moatize kupita ku Tete milambe ili mbwee, ndipo ife ntchito yake n'kumangirirapo mbuzi ndi kudikirirapo shapa, minibasi zathu zija. Anandifunsa ngati ndinafikako ku Mágoè, nkhalango ya m'chigawo chathu cha Tete yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Ndinayamba kutsokomola mpaka anasintha nkhani. Tangoganizani, ena mwa magetsi amene ndikulembera kalatayi amachokera ku damu la nyanjayi la ku Songo, koma pabanja pathu palibe amene analiona ndi maso. Zambezi timangomudutsa pa mlatho wa Samora Machel, maso ali pachikwama.

Choncho ndikabwera pa Khirisimasi konzekani, tikatenge ana tipite ku Songo. Alamu aphike nkhuku ya paulendo, chifukwa zakudya za m'malo oona alendo mtengo wake umathetsa njala usanadye.

Pakadali pano anyani aja musawagendenso. Lambulani kanjira kokwera phiri, muike benchi pansi pa mtengo, mwana wa sukulu alembe chikwangwani m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Mabasi a ku Joni amaima nthawi yaitali paboda, anthu akusowa chochita. Malasha a ku Moatize tsiku lina adzatha, koma anyani a kumunda kwathu akungoswana.

Ndatumiza kangachepe. Mugule feteleza matumba awiri, yotsalayo ya mankhwala a amayi. Chimanga chaka chino mudzale chambiri, poti antchito athu atsopanowa malipiro awo amadzitengera okha.

Ndatha ine mng'ono wanu wa ku Joni.