Mlandu Suwola, Ngakhale Uuike mu Furiji ya ku Washington

Makolo ankati mlandu suwola. Ankanena zimenezi ali pansi pa kachere, akuweruza nkhani ya mbuzi imene agogo a munthu anabwereka chaka cha dzombe n'kumwalira asanabweze. Mdzukulu wosadziwa kanthu ndiye ankalowa m'khola kukamasula yake. Akuluakuluwo sankalota kuti tsiku lina dziko lolemera ngati America lidzauyesa mwambiwu pa anthu oposa 40 miliyoni nthawi imodzi.

Mayesowo anayamba mu Marichi 2020. Covid-19 atatseka masukulu, mashopu ndi maofesi, boma la Donald Trump linaimitsa kubweza ngongole zimene linabwereketsa ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji, zokwana pafupifupi madola 1.6 thililiyoni. Pa 27 Marichi lamulo la CARES linatsindika kuti pasakhale kulipira mpaka pa 30 Seputembala, ndipo chiwongoladzanja chikhale pa ziro. Wakatapila aliyense akanamva kuti kuli wobwereketsa amene akuuza anthu ake kuti apume kaye, ndipo sawonjezerapo ngakhale tambala, akanapempha madzi akumwa.

Miyezi isanu ndi umodziyo inatambasuka mpaka kukhala zaka zitatu ndi theka. Trump anawonjezera nthawi, Joe Biden atalowa anawonjezeranso. Mu Ogasiti 2021 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti uku ndiye kuwonjezera komaliza, koma mu Disembala unawonjezera. Mu Ogasiti 2022 unatinso komaliza, mu Novembala n'kuwonjezeranso. Zinali ngati mlendo amene watsanzika kanayi koma nthawi iliyonse amabwerera pampando akamva fungo la ndiwo. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo uyu eni nyumba ankamuombera m'manja.

Kenako kunabwera chiyembekezo chakuti mlanduwo wayambadi kununkha. Mu Ogasiti 2022 momwemo Biden analonjeza kukhululukira madola 10,000 pa ngongole ya aliyense wa malipiro ochepera muyezo wina, ndi madola 20,000 kwa amene anaphunzira ndi thandizo la Pell, lomwe limapita kwa ana a m'mabanja osauka. Anthu pafupifupi 26 miliyoni analembetsa. Ena anali atadya kale ndalamazo m'maganizo. Pa 30 Juni 2023 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linakana ndondomekoyo, oweruza 6 kutsutsana ndi atatu. Mwezi womwewo aphungu anali atakhoma kale lamulo loletsa kuwonjezeranso nthawi yopuma. Chiwongoladzanja chinadzuka pa 1 Seputembala, mabilu n'kugwa mu Okutobala.

Atatsegula furiji, ngongole inatuluka ili yatsopano ngati yaikidwa dzulo. Zimene zinawola ndi zina zonse zoizungulira. Mapasiwedi anaiwalika. Anthu anasamuka, maadiresi n'kutsalira kwa malandilodi akale. Ndalama imene inkapita ku ngongole mwezi ndi mwezi inali itapeza kale ukwati wina: lendi yokwera, galimoto, kapena mwana wobadwa nthawi ya mliri amene tsopano akufuna fizi ya kumkaka. Achinyamata amene anamaliza maphunziro mkati mwa zaka zimenezi anali asanaonepo bilu chibadwire. Ngakhale otolera ngongolewo anasintha nkhope: makampani a Navient, FedLoan ndi Granite State anasiya ntchito yotolerera boma, ndipo mafayilo a anthu mamiliyoni anasamutsidwira kwina. Munthu ankagona ali ndi ngongole kwa uje, n'kudzuka akufunidwa ndi kampani imene sanaimvepo dzina. Akaimba foni kuti afunse, ankamvetsera nyimbo yodikirira mpaka batire kutha.

Woseketsa kuposa onse anali MOHELA, bungwe lotolera ngongole la m'chigawo cha Missouri. Pamlandu uja, khoti linalola Missouri kusuma chifukwa chakuti MOHELA ikanataya ndalama zimene imalandira potolera, ngongolezo zikanakhululukidwa. Tsono tsiku lotolera litafika, MOHELA yomweyo inalephera kutumiza mabilu pa nthawi yake kwa anthu 2.5 miliyoni, ndipo oposa 800,000 anapezeka achedwa kulipira. Unduna unagwira madola 7.2 miliyoni pa malipiro ake. Mlenje amene ena anamumenyera nkhondo ya ufulu wosaka, tsiku la uzimba anaiwala uta kunyumba.

Pofika pakati pa Novembala 2023, mwa anthu 22 miliyoni amene anayenera kulipira mu Okutobala, anayi mwa khumi aliwonse anali asanaponye kalikonse. Boma linapereka chaka chimodzi chozolowerera, mpaka pa 30 Seputembala 2024, choti wochedwa asaipitsidwe dzina kwa obwereketsa ena. Chiwongoladzanja chokha sichinapatsidwe tchuthi. Ena pafupifupi 8 miliyoni anathawira mu ndondomeko ya SAVE, yomwe inkayeza malipiro a pamwezi ndi zimene munthu amapeza, koma makhoti anaiimitsa mu 2024. Iwowa anabwezedwa mu furiji yachiwiri, ndipo chiwongoladzanja chawo chinayambanso kuyenda pa 1 Ogasiti 2025.

Pa 5 Meyi 2025, Trump atabwereranso pampando, boma linayambiranso kulonjerera anthu oposa 5 miliyoni amene anasiyiratu kulipira. Silisowa kugogoda pakhomo ngati mwini golosale wa kabuku kothimbirira. Lili ndi mphamvu yongogwira chenji cha msonkho chimene munthu amayembekezera kubwezeredwa pachaka, ndipo lamulo limalilola kudula mpaka 15 peresenti ya malipiro ake osadzera kukhoti. Ngakhale amene chuma chamuthera n'kukalengeza kukhoti kuti alibe kalikonse, ngongole ya sukulu nthawi zambiri imamuperekeza potuluka.

Pali malo amodzi okha pamene Washington ndi yofewa kuposa bwalo la pansi pa kachere. Wokongola akamwalira, ngongole ya boma ya sukulu imafafanizidwa. Abale amatumiza kalata ya imfa kwa kampani yotolera ija, akaidziwa kuti chaka chino ndi iti, ndipo mbuzi ya mdzukulu imatsala m'khola.