Malangizo kwa Wogula Drone Yopopera ku Dwangwa

Inu a tcheyamani a kalabu ya alimi a nzimbe, ndi inu amene mwabwera kuchokera ku Joni ndi kandege kopopera mankhwala m'katoni, tcherani khutu. Cholinga chathu n'chakuti drone yanu iuluke nyengo imodzi yokha, kenaka ikapume ku polisi kapena pansi pa nyanja. Mukatsata ndondomekoyi mosamala, sabata imodzi ikukwanirani.

Ntchito imayambira pachipata. A MRA ku Mwanza kapena ku Dedza akafunsa za katoniyo, ayankheni kuti ndi choseweretsa cha mwana. Musafotokoze za thanki ya mankhwala ili pamimba pakeyo. Risiti itayeni musanafike pa Salima, kuti tsiku lodzafunsidwa umwini musadzavutike ndi kusaka mapepala.

Maofesi oyenera kuwazemba alipo atatu. A zamaulendo a pandege amafuna kudziwa chilichonse chouluka mumlengalenga mwa Malawi, mwini wake, komanso kumene woyendetsayo adaphunzira. A MACRA amayang'anira zida zogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, ndipo rimoti ili m'manja mwanuyo ndi chimodzi mwa zidazo. A Pesticides Control Board, amene adakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000, ndiwo amavomereza mankhwala ololedwa m'minda. Onsewa ali kutali ndi Dwangwa, ndipo umenewu ndi mwayi wanu. Wina mwa iwo akakufunsani, muuzeni kuti mafomu anu ali ku ofesi inayo. Alangizi a zaulimi akafunsa, auzeni kuti nkhaniyo yawakulira.

Za maphunziro musadere nazo nkhawa. N'zoona kuti mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, otambasuka makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. N'zoonanso kuti mu 2020 kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, imene yakhala ikuphunzitsa achinyamata a kuno kwathu kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Achinyamata amenewa musawayandikire. Amafunsa za mphepo, za kutalika kwa ulendo, za batire. Kanema wa pa YouTube wa mphindi zisanu ndi wokwanira, makamaka akakhala wa chilankhulo chimene simuchimva.

Tsopano tifike pa kapoperedwe, pamene pagona luso lenileni. Dikirani mwera wa mu Juni kapena Julaye, tsiku limene asodzi akokera mabwato kumtunda. Mwera umachokera kummwera, choncho imani poti dimba la mnansi wanu likhale kumpoto kwa munda wanu. Thirani m'thanki mankhwala okhwimitsa nzimbe. Ena mwa mankhwalawa ndi omwe aja ophera udzu, amangochepetsedwa mlingo. Inu musachepetse, ndipo muyeso wake ukhale wa m'maso. Kwezani drone pamwamba kwambiri ndi kutsegula timipopi tomwaza madontho ang'onoang'ono, chifukwa amenewo ndiwo amayenda mtunda wautali ndi mphepo. Nzimbe zanu zidzalandira pang'ono. Tomato, chimanga cha m'dimba ndi mpunga wothirira wa anzanu zidzalandira gawo lalikulu, ulele. Masamba akayamba chikasu kutsidya kwa malire, dziwani kuti makina akugwira bwino ntchito.

Thanki itsukeni mumtsinje wa Dwangwa, kumtunda kwa potunga madzi. Amene ali ndi galimoto atha kukatsukira mu Bua, mmene mpasa zimakwera kukaswana. Zigubu za mankhwala zikatha apatseni ana akasungiremo thobwa.

A gulupu musawauze kanthu. Mfundo imeneyi ambiri amailephera chifukwa cha ulemu umene adaleredwa nawo, koma limbani mtima. Ulutsani drone m'bandakucha, nyale zake zofiira zikuphethira, idutse pamwamba pa madenga, pamanda, ndi padooko pamene amayi amasamba. Kamera ikhale yoyang'ana pansi. Anthu sadaiwale mphekesera za anamapopa zimene zidasokoneza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, kotero simudzafunika kufotokoza chilichonse. Mudzi udzadzipezera wokha yankho dzuwa lisanafike pamutu. Wina akabwera kudzafunsa, muyankheni m'Chingerezi.

Otsogola pa lusoli amawonjezera maulendo awiri. Woyamba ndi wopita kufupi ndi kabwalo ka ndege ka ku esiteti, osadziwitsa aliyense, pa nthawi imene ndege yeniyeni ikutera. Wachiwiri ndi wolowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene a African Parks akhala akuiyang'anira kuyambira mu 2015. Njovu zimathawa phokoso lofanana ndi la njuchi, ndipo alonda a nkhalango adzakupezani msanga, osakuvutitsani kuwasaka.

Inshuwalansi musagule. Batire likhale limodzi, lotchajidwa theka usiku umene magetsi adathima. Rimoti ikayamba kulira, pitirizani kulunjika kummawa mpaka kulirako kutasiya. Ku Dwangwa kummawa kuli nyanja.

Zotsatira zake zimaoneka msanga. Mlandu wa dimba udzafika kubwalo la a mfumu, ndipo mbuzi zolipira zidzachokera m'khola lanu. Ngongole ya kalabu idzadulidwa pa ndalama za nzimbe za mamembala onse, kuphatikiza amene sadaione drone ija ikuuluka. Chachikulu n'chakuti mudzi wonse udzagwirizana zokana kandege kalikonse, ngakhale kobweretsa katemera kuchipatala kapena kofufuza mbozi za ntchemberezandonda m'chimanga. Mukafika pamenepo mwamaliza ntchito, ndipo katoni ija mutha kusungiramo makhasu.