Malangizo aulere kwa atcheya a neba ofuna kufanana ndi NATO

Mgwirizano wa asilikali wa NATO, womwe udayamba mu 1949 ndipo lero uli ndi mayiko 32, watopa kudalira maso ndi miyendo ya msilikali. Mu 2021 mayikowa adagwirizana mfundo zogwiritsira ntchito nzeru za makompyuta zotchedwa AI pa zachitetezo, nagwirizananso zokhazikitsa nthambi ya DIANA yosakasaka akatswiri opanga zida zamakono. Pambali pa izi, mayiko 24 adalonjeza kusonkha mayuro 1 biliyoni. Akufuna tindege, timaboti ndi tigalimoto toyenda tokha ndi kuona tokha. Pomwe inu atcheya a neba ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa mukadali pa wezulo, tochi ndi chibonga. Musataye mtima, tcherani khutu.

1. Yambani ndi pangano

Ndime 5 ya pangano la NATO imati woputa mmodzi waputa onse. SADC nayonso ili ndi lake la mu 2003. Makolo athu adanena kale kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, kungoti sadakasainire ku Washington ngati a NATO. Lembani kuti mbava ikasomphola poto ku Makhetha, a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside adzuke. Akadzuka, n'kusuzumira pawindo, n'kutsimikiza kuti geti lawo n'lokhoma, alembeni m'kaundula kuti atumiza thandizo la mapemphero.

2. Kwezani zopereka

Mu 2014 mayiko a NATO adalonjeza kuika 2 peresenti ya chuma chawo pa chitetezo, ndipo ambiri adazengereza kwa zaka. Mankhwala ake adapezeka ku The Hague mu 2025: adakweza mlingowo kufika pa 5 peresenti. Inunso anthu akamabisala kuchipinda pothawa msungichuma wanu kumapeto kwa mwezi, wonjezerani ndalamayo kawiri ndi theka. Ngongole ikakula, komiti imalemekezeka.

3. Gulani drone

Apa sitili kumbuyo ayi. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata. Vuto n'lakuti ma drone athu amanyamula mankhwala ndi kujambula malo osefukira madzi, ntchito zosaopsa n'komwe. Yanuyo ipakeni utoto wa mawangamawanga ngati yunifomu ya msilikali, mtengo wake m'buku la ndalama ukwere katatu. Za batire, kambiranani ndi mbava mwaulemu kuti zizibwera masiku amene magetsi ayaka.

4. Aphunzitseni makinawo

AI sibadwa ndi nzeru. Imaonetsedwa zithunzi zankhaninkhani n'kuuzidwa kuti uyu ndi mdani, uyu si mdani, ndipo imatengera khalidwe la woiphunzitsa. Yophunzira ku Ulaya siingasiyanitse mbava ndi mayi amene walawirira 4 koloko m'bandakucha ndi beseni la mandasi kupita kumsika wa Limbe, kapena mlonda wobwerera kwawo ndi chikwanje. Choncho iphunzitseni nokha malamulo amene mumayendera kale: wonyamula thumba usiku ndi wakuba, wothamanga ndi wakuba, wachilendo ndi wakuba kawiri. Zolakwa zikhala zomwe zija, koma zizichitika mwachangu, popanda wina kupsa mawu pokuwa.

5. Musafunse za pasiwedi

Wopanga makina ndiye amasunga kiyi wake. Tsiku lina akhoza kuwazimitsa ali kwawo chifukwa simunalipire laisensi, inu muli pamzere kubanki mu Victoria Avenue kusaka madola. Musakwiye. Pamsonkhano nenani kuti abwenzi athu akunja akuwakonza kuti akhale amakono koposa, kenako pitani ku Mangochi masiku atatu mukaunike bwino nkhaniyi.

6. Konzekerani tsiku lolakwitsa

Lipoti la akatswiri a United Nations la mu 2021 lidati ku Libya mu 2020 kudagwiritsidwa ntchito ma drone a Kargu-2, opangidwa ku Turkey, okhoza kulondola adani popanda kulumikizana ndi wowayendetsa. Mu Disembala 2023 mayiko 152 adavomera chigamulo cha United Nations chodandaula za zida zotere, ndipo mlembi wamkulu wa bungweli, António Guterres, adapempha kuti pofika 2026 pakhale lamulo loletsa zida zopha popanda munthu kulamula. Inu zimenezo zisakusokonezeni, chifukwa phindu lenileni la makina lagona pomwepo. Mwambi woti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu sugwira ntchito pa drone. Ikavulaza mwana wa eni, atcheya mudzati ndi makina, wogulitsa adzati chitsimikizo chidathera pakhomo la sitolo, wopanga adzati inali netiweki.

Komabe musachotse anyamata onse olondera. Mfundo za NATO nazonso zimati munthu azikhalabe ndi udindo pa zochita za makina. Siyani mmodzi wofatsa, makamaka amene simunamulipire miyezi ingapo. Apolisi akamalemba sitetimenti amafunsa dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ndipo drone ilibe kwawo.