Nkhono yofiira ya ku Joni

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anasewerapo ndi nkhono ali mwana akudziwa kumene mawuwa anachokera. Ukaitola imabweza mutu m'chigoba. Ukaigogoda ndi kamtengo ndiye imalowereratu. Koma ukaiika pansi, iwe n'kukhala duu osatsokomola, pakapita kanthawi umaona tinyanga tikutuluka, timaso tili kunsonga. Ine mwambiwu ndinkauyesa wa anyamata ofunsira mbeta ndi alimi odikira ndalama za fodya. Sindinkadziwa kuti tsiku lina nkhonoyo idzatipeza kwathu ku Mzimba ili ndi matayala anayi ndi nambala ya GP.

Anabwera nayo ndi msuweni wanga, mwezi wa June, atakhala zaka 6 ku Joni. Kwathu kuno kupita ku Joni si nkhani yoti munthu n'kudzidzimuka nayo. Agogo athu ankapita ndi Wenela kukakumba golide, n'kubwerako ndi njinga, galamafoni ndi chikhothi cholemera ngati thumba la mchere. Adzukulu awo akubwerako ndi malata, firiji, masofa, ndipo amene zamuyendera amabwera ndi pikapu. Galimoto kwathu timaiyeza ndi katundu: inyamula matumba angati a feteleza, ikwana amayi angati a Umanyano popita kumaliro, mbuzi ikhala pati. Ndiye taganizani anthu atasonkhana pabwalo kudikira mwana wawo, fumbi n'kutulukamo kanthu kofiira kolekeza m'chiuno, ka mipando iwiri, denga lake la lona.

Inali Mazda MX-5, ya mtundu woyamba uja anayamba kupanga ku Japan mu 1989. Asibweni, bambo ake a mwini galimoto, anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo. Anasuzumira m'kati, anatsegulitsa buti, naona kuti thumba la chimanga lingalowemo pokhapokha litasala kudya.

"Mwana wanga," anatero, "mipando inayo ikubwera pambuyo ndi transipota?"

Msuweni anaseka. Anati iyi si galimoto yonyamulira makabichi a pa Jenda, iyi ndi ya liwiro. Pofuna kutigometsa anakhudza kaswitchi, ndipo pamphuno pa galimoto, pamene panali posalala, panatumphuka maso awiri. Ana anathawa. Asibweni, amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri ndipo amayankhula Chitumbuka tsiku lonse koma akafuna kulasa munthu amatulutsa Chichewa cha m'kalasi, anangogwedeza mutu. "Ooh, kani ndi nkhono."

Patapita masiku awiri tinanyamuka pa boma m'ma 5 koloko m'mawa, ulendo wa ku Mzuzu. Msuweni analonjeza kuti tikafika tiyi wa mufulasiki asanazizire, poti pa msewu wa N1, pakati pa Johannesburg ndi Polokwane, kanthuka kankamwa makilomita ngati phala. Kulowamo kokha kunali ntchito. Munthu sukwera galimoto yotere, umachita kutsikiramo, miyendo n'kutambasula ngati uli pamphasa, matako atatsala pang'ono kupsopsona phula. Mpaka kukalowa mu M1 zinthu zinali bwino ndithu, ndipo ndivomereze, nanenso ndinayamba kudzimva. Tinapitirira Sienta ina yodzaza mpaka kubuti, ine n'kuwakwezera dzanja ngati phungu.

Kenako msewu unayamba kukwera Viphya.

Anzathu a ku Ulaya akamati nyengo yozizira amanena madzi oundana pamsewu. Ku Sweden lamulo limati kuyambira pa 1 December mpaka pa 31 March, msewu ukakhala ndi chisanu, galimoto ivale matayala a nyengo yozizira, ndipo eni tigalimoto ta denga la lona ambiri amangotitsekera m'galaja mpaka dzuwa libwerere. Ife zimenezo tilibe. Tili ndi zathu: mwera, mvula yamawawa ija yosanyowetsa chimanga koma yonyowetsa phula, ndi nkhungu. Nkhalango ya paini ya pa Viphya, mahekitala 53,000 amene anadzalidwa kuti adzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, lero malo ambiri yasanduka zitsa, koma nkhungu yake palibe anaicheka matabwa. Ikadalipo yonse. Ndipo pano nthabwala ndiziike kaye pambali: pa 10 June 2024 ndege ya asilikali inagwa m'dera lomweli la Chikangawa kunja kutaipa, Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu n'kutisiya. Aliyense wodutsa pamenepa m'miyezi imeneyi amakhala chete pang'ono.

Nkhungu inatilandira ngati munthu watiponyera bulangete loyera kumaso. Choyamba chimene msuweni anachita ndi chimene amachita aliyense wosazolowera: anaika magetsi pa fulu. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, ndipo ukaiwalitsa kwambiri imakubwezera kuwala kwakoko. Patsogolo pathu panaima chikhoma choyera. Ndinamuuza kuti abweze pa dimu, kuti kuwala kugwe pansi tiziona mzere wa m'mphepete. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amayi ake, koma anabweza. Chachiwiri, galasi lakutsogolo linachita thukuta m'kati chifukwa cha mpweya wathu. Mankhwala ake ndi kulozetsa hita pagalasi ndi kutsitsa windo pang'ono. Ife tinayamba ndi chipewa changa chaubweya, chimene chinangopakaza uvewo bwinobwino mbali zonse.

Liwiro lokha ndi limene sankafuna kulisiya. Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi masamu a asibweni. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Ngati maso ako akulekeza pa mamita 30, ndiye kuti chimene wachionacho wachigunda kale phazi lisanafike pa buleki. Komanso mtunda woimira suwonjezeka mwachilungamo: liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi, pa phula louma. Pa lonyowa ndi mawawa, pamene timadzi tangokwanira kusungunula oilo ndi dizilo zimene malole akhala akudontheza, onjezerani pamenepo.

Ndinaona nthambi yoyamba ili pakati pa msewu. Yachiwiri. Amene anakulira kuno akudziwa kuti nthambi zobiriwira pamsewu si zokongoletsa ukwati; mwina ndi maliro, mwina lole yafa. "Chepetsani, asuweni!" Yachitatu tinaiponda. Kenako m'choyeracho munatuluka chinthu chakuda chachitali ngati tchalitchi, matabwa ali mbwee, chopanda nyali ngakhale imodzi, wothandizira dalaivala akuwotha moto chapambali.

Msuweni anaponda buleki ndi mtima wake wonse n'kukhotetsa chiwongolero. Apa ndi pamene ndinaphunzira kusiyana kwa galimoto zathu za masiku onse ndi iyi. Sienta ndi Vitz zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo, ngati ng'ombe pangolo. Iyi imakankha ndi akumbuyo, ngati munthu pa wilibala. Pouma zimenezi n'zimene zimaikometsa. Poterera, ukaidzidzimutsa ndi buleki kapena ndi mafuta uli pakona, mbuyo imafuna kuona zimene mutu ukuona. Matayala akenso anali ofewera phula lotentha la Gauteng. Kukazizira mphira wotere amauma ndipo sagwira msewu bwino. Tinazungulira mwaulemu, kamodzi, ngati mkwati ndi mkwatibwi polowa muholo, n'kukaima m'maudzu maso atayang'ana ku Mzimba kumene tinachokera.

Wothandizira dalaivala uja anabwera chimanga chootcha chili m'manja. Anawerama, n'kuweramanso, mpaka anatipeza.

"Monire mabwana. Mukuya nkhu, ku Mzuzu panji ku Mzimba?"

Kuchokera pamenepo tinayenda ngati anthu olapa. Giya yachiwiri, phazi lopepuka, buleki yochita kunyengerera isanafike kona osati ili m'kati mwake. Tinapeza lole ina ikukwera chitunda ili ndi kanyali kamodzi kofiira, ndipo tinakatsata patali ndithu, poti kumamatira kumbuyo kwa lole m'nkhungu n'kupereka moyo wako kwa mabuleki a munthu wosamudziwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'nkhungu zinthu zimatuluka monga amatulukira maso a nkhono. Ukadekha umayamba waona kamthunzi, kamthunziko n'kumera nyanga, n'kukhala ng'ombe. Kena n'kumera miyendo, n'kukhala mwana wasukulu manja ali m'khwapa. Ukathamanga zonsezi zimatuluka nthawi imodzi, pa bampa. Bambo wina wa njinga, atasenza zigubu, anatipitirira potsetsereka, natipatsa moni, natifunsanso ngati tikufuna thandizo. Msuweni anayang'ana kumbali. Tiyi wa mufulasiki tinakamwera ku Mzuzu atazizira ngati madzi a m'chitsime.

Mukhoza kuganiza kuti munthu akapulumuka chonchi amaphunzira. Amaphunzira za nkhungu basi. Loweruka lotsatira kunja kunayera, dzuwa lili phwee, ndipo msuweni anati tsopano akaonetse galimoto kwa agogo, kumudzi kuseri kwa Embangweni. Pa mahampu a pa Jenda tinadutsa chammbali ngati nkhanu, amayi ogulitsa tomato akuimba m'manja pa hampu iliyonse. Titasiya phula tinalowa msewu wa kumudzi, umene ngolo zinaukumba mikwasa iwiri nthawi ya dzinja n'kusiya msana pakati. Pofika June msana umenewo umakhala utauma gwa, ndipo pena umabisa mwala. Pansi pa galimotoyi ndi nthaka pamangokwana chikhatho chimodzi chotambasula. Ndinati titsike tione kaye. Anati akuidziwa njirayi kuyambira ali mwana. N'zoona, koma ankaidziwa ndi mapazi.

Phokoso lake silinali lalikulu. Kungoti khoo, ngati munthu waswa chibade cha dzungu. Tinayendabe mamita angapo, kanyali kofiira n'kuyaka kutsogolo kwa chiwongolero. Chimodzi chokha chimene anachita bwino tsiku limenelo n'chakuti anazimitsa injini pompo. Titatsika tinaona mzere wakuda wonyezimira ukuchokera pansi pa galimoto kubwerera mpaka pamwala paja. Sampu inali itang'ambika.

Anatikoka ndi ng'ombe ziwiri za a Jere ena oyandikana nafe, zimene sizinaonetse kudabwa kulikonse. Msuweni anakhala pa chiwongolero, magalasi akuda ali kumaso, mahazadi akuphethira njira yonse, mnyamata wa ng'ombe akuliza chikwapu kutsogolo. Asibweni, amene anali atatsogola pa minibasi dzulo lake, anatichingamira panjira. Sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana mzere wa oilo uja, nauloza ndi ndodo.

"Ndinanena ine. Mimba pansi, nyumba kumsana, ikadutsa isiya mamina."

Madzulo agogo anatuluka atafunda bulangete. Anamva kwa adzukulu kuti galimotoyi ili ndi maso obisika, ndipo anati sagona asanawaone. Mudzi wonse unazungulira. Msuweni anakhudza kaswitchi kaja. Zii. Anakhudzanso. Mahazadi aja, amene palibe anakumbukira kuwazimitsa, anali atamaliza batire. Anatuluka, nayamba kumenya pamphuno pa galimoto ndi chikhatho.

Asibweni anatuma mwana kukatenga mpando. Anauika patsogolo pa galimoto, anakhala, nakonza chikhothi chawo.

"Usaigogode, mwana wanga," anatero. "Khalani chete nonse. Atuluka okha."