Imagogoda ikafuna yokha

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 1998, ya injini ya 5A. Isanandipeze inatumikira anthu ku Japan mpaka anatopa nayo, ndiye inadzalowera pa Songwe kuti idzakalambire m'manja mwanga. Masiku ano yayamba kugogoda, go! go! go! koma ikafuna yokha. Ndikangoifikitsa kwa amisiri anga, pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande, imangoti duu ngati mboni yodya chibanzi. Ine ndiye ndimatsala ndikugogoda ndi pakamwa kuti amve mmene imalirira, anyamata ogwira masipanala akugubuduka ndi phwete.

"Bwana, imagogoda nthawi yanji?" Funso lawo ndi lomwelo basi. Poyamba ndinkaliyesa ulesi, kumeneko nkuti ndisanadziwe kuti yankho lililonse lili ndi mtengo wake.

Ikagogoda m'mawa injini ili yozizira, nkusiya ikatentha, ndiye kuti mapisitoni akhwepa m'masilinda, ndipo akatentha amafufuma nkudzaza malo. Galimoto yotero imatha kuyenda zaka. Ikamalira tsere-tsere pokwera chitunda cha ku Chikwawa uli pa giya yaikulu, ndi petulo amene akuphulika nthawi yake isanakwane: mwina mwaye waunjikana pamwamba pa mapisitoni, mwina taimingi yapita patsogolo, mwinanso ndi mafuta a m'zigubu aja timagula usiku pamafilingi pakauma. Apa amisiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mango.

Palinso kaphokoso ka te-te-te ka pamwamba, ka mavavu, ndi kachitsulo kotchinga kutentha pa ekizozi kamene kakamasuka kamalira ngati dziko latha, chonsecho ndi bawuti imodzi.

Ndiye pali kugogoda kwakuya, kochokera pansi, kobwera injini ikatentha oyilo atapyapyala, kokula ukaponda moto, kanyali ka oyilo kakuphethira galimoto itaima. Amenewo ndi mabering'i a pa kirankishafuti. Ukawanyozera, injini imanoka, mwina mpaka kuboola buloko. Potchula zimenezi amisiri anatsitsa mawu, nkuvula chipewa.

"Ndiye yanuyi ndi iti, bwana?"

Ndinasinkhasinkha za fizi ya ana, lendi ndi thumba la feteleza limene ndinalonjeza amayi kumudzi, ndipo ndinakumbukira bwino lomwe kuti yanga imagogoda m'mawa.

Sanandikhulupirire. Anatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, nkumamvetsera malo ndi malo. Kenako anazula nthambo ya pulagi imodziimodzi, chifukwa silinda ya bering'i yodwala ikasiya kuphulitsa, phokoso limachepa. Koma phokoso liti, poti mboni inali isanatsegule pakamwa? Anandiuza kuti tsiku lokhetsa oyilo ndidzamuone padzuwa: akamanyezimira tizitsulo, nkhani yatha.

Alamu anga akuti ndithire oyilo wolimba wa 20W-50. Amabisadi phokoso, koma bering'i yodyeka sabwezeretsa. Mayi a kunyumba akuti ndigulitse isanayankhule pamaso pa wogula. Ine mankhwala amene ndapeza ndi wailesi: ndikakweza voliyumu, injini imachira nthawi yomweyo.

Pakadali pano ndikuyenda foni ili chire kuti ndijambule phokosolo likadzayamba. Zimene ndajambula mpaka lero ndi mawu anga ndikupempherera galimoto pa Chichiri.

Amene muli ndi injini ya 5A yabwinobwino, mundipeze ku Ndirande Loweruka. Mtengo mudzandinong'oneze, mayi a kunyumba asamve.