Mafunso a Adokotala Atekesa Mzuzu

Mzuzu sasunga chinsinsi. Nkhani ikabadwa ku Luwinga m'mawa, pofika masana yakwera kale njinga ya sakaramento mpaka ku Katoto, ndipo madzulo a ku Chibavi akuifotokoza ngati analipo. Imene ili m'kamwam'kamwa pano ndi ya mphunzitsi wina wa kuyunivesite, dokotala wa za kasamalidwe ka antchito, amene akuzungulira m'maofesi ndi mapepala a mafunso. Akuti akufufuza chimene chimachititsa munthu kuika mtima pantchito, osangosaina m'buku n'kumadikira 5 koloko.

Oyamba kuseka anali alonda. Mmodzi akuti anafunsidwa ngati ali ndi mnzake wapamtima kuntchito, iye n'kuyankha kuti alipo ndithu, ndi mbaula. Funsolo si lopeka: lili m'gulu la mafunso 12 amene kampani ya Gallup ya ku America imayezera nkhani imeneyi m'maiko ambiri. Kungoti a Gallup sanachezerepo pakhonde la sitolo chisanu cha Juni chikulowa m'mafupa.

Ku msika wa Taifa mlandu unatha msanga. "Zaka zonsezo pasukulu, kuti akadziwe zoti wantchito amafuna ndalama?" Bambo wina wopuma pantchito, wa jekete ndi nyuzipepala kukhwapa, anayesa kuikira kumbuyo adokotala. Anati katswiri wina, Frederick Herzberg, analemba mu 1959 kuti malipiro amangotseka pakamwa pa wodandaula, koma chimene chimam'kondetsa munthu ntchito ndi kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwezedwa. Mayi wogulitsa zitenje anam'yang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene, a Herzberg anuwo ndalama yawo inagwapo ndi 44 peresenti tsiku limodzi?" Ankanena za kwacha mu Novembala 2023. Bamboyo anangopinda nyuzipepala yake.

A m'maofesi ali ndi sikelo yawoyawo. Amati ukafuna kudziwa mtima wa antchito, usawafunse kanthu, ungowerenga mndandanda wa opita ku wekishopu ku Chintheche. Amene dzina lake latuluka amafika 7 koloko isanakwane, nsapato zikuwala. Amene wasiyidwa kachitatu amadwala mutu Lolemba lililonse. Alawansi yokha, akutero, ikanakwana digiri yapayokha.

Koma mfundo yolemera inachokera kwa mayi wina wosesa. Iye anati bwana amadziwikira pamaliro. Kodi galimoto ya kampani inanyamula thupi mpaka kumudzi ku Rumphi kapena ku Chitipa? Bokosi anagula ndani? Bwanayo anatsika m'galimoto n'kukhala pansi pasiwa, kapena anangotumiza envelopu ndi dalaivala? Wantchito amene anaperekezedwa bwino mayi ake atamwalira, anatero, sathawa ngakhale malipiro achedwe. Apa mpoyenera adokotala atulutse cholembera, chifukwa funso limenelo silipezeka pa pepala lochokera kunja, koma kuno ndi limene anthu amakumbukira zaka khumi.

Makolo a ophunzira za kasamalidwe ka antchito nawo ali ndi zawo. Gogo wina wa ku Mchengautuwa akuuza aliyense kuti mdzukulu wake akuphunzira "kuchotsa anthu ntchito", ndipo akunena monyadira. Mdzukuluyo watopa n'kulongosola kuti lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 silola bwana kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka komanso asanamve mbali yake, ndipo wophwanya amakaonekera kukhoti la milandu ya ntchito, limene lilipo mu Mzuzu momwemuno. Gogoyo amangogwedeza mutu. Chimene akudikira n'choti mdzukulu akadzakhala bwana HR adzalembe ntchito ana a mlongo wake onse atatu.

Aphunzitsi anzake a dokotalayu amaseka chamumtima. Amadziwa kuti munthu sakwezedwa kufika pa pulofesa chifukwa chophunzitsa bwino chabe, koma chifukwa cha zofufuza zimene wasindikiza, ndiye mapepala a mafunsowo ndi makwerero akenso. Ndipo kufufuza kuno kumafuna khama: amene analipo amakumbukira Disembala 2015, laibulale ya yunivesite ya Mzuzu itapsa ndi mabuku ake. Wina anafunsa kuti nanga iwo, ochonga mapepala a mayeso mazanamazana usiku magetsi atazima, pepala lawo la mafunso adzawapatsa liti?

Vuto lalikulu, malinga ndi mphekesera za ku depoti, n'loti palibe akukhulupirira kuti mayankho ndi achinsinsi. Aliyense akuganiza kuti bwana adzazindikira kalembedwe kake, choncho akungochonga "ndine wokondwa kwambiri" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zikapitirira, lipoti lidzaonetsa kuti antchito osangalala kwambiri m'dziko muno ali ku Mzuzu. Kalaliki wina yekha ndiye anakana kuyankha. Anabweza pepala lili loyera, n'kufunsa mwaulemu ngati kudzaza kwake kuli ndi alawansi.